Chitsime pa Phiri la Migolo

1. Phiri lathu

Kwathu ku Laagveen kulibe mapiri. Dziko lonse ndi lathyathyathya, moti mlendo akamabwera pa njinga umayamba kumuona madzi a tiyi usanatereke.

Phiri limodzi lokha limene tili nalo tinachita kuliunjika tokha, ndipo si nkhani yonyaditsa. Pansi pake pali migolo. Kale pamalopo panali chidzenje chimene fakitale ya penti inkatayamo zotsalira zake. Fakitaleyo inagwa kalekale, eni ake anabalalika, koma migolo sinapite kulikonse.

Boma linatha zaka zisanu ndi chimodzi likukonza malowo. Zimene zinatheka kuchotsedwa linachotsa. Zotsalazo linazivundikira ndi chipulasitiki chokhuthala, pamwamba pake dongo, kenako nsalu yofiira, ndipo pomalizira dothi labwino lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Nsalu yofiirayo ntchito yake ndi imodzi basi. Wokumba akaiona, alekere pomwepo.

Pa dothi labwinolo ndi pamene khonsolo inatigawira madimba makumi anayi. Langa ndi lachitatu kuchokera pageti, choncho zambiri zimene ndikusimbazi sindinachite kumva m'maluwa.

Pagetipo pali chikwangwani cha malamulo a boma. Osakumba kupitirira kuya kwa fosholo ziwiri. Osabzala mtengo. Osakumba chitsime. Madzi othirira ndi a pampope wa khonsolo okha. Wophwanya lamulo alandidwa dimba, ndipo chivundikiro chikapezeka chobooka, madimba onse atsekedwa. Tonse tinasaina kuti tamva. Koma chikwangwani chikakhalitsa anthu amaleka kuchiwerenga, amangoyedzekapo njinga.

Chaka chimene ndikusimbachi kunagwa chilala. Ife kuno timadziwa kulimbana ndi madzi akachuluka, koma akasowa mitu imatiima. Kuyambira mwezi wa Meyi mvula inangoti zii. Khonsolo inalamula kuti mpope wa kumadimba uzitsegulidwa ola limodzi lokha m'mawa, ndipo anthu akuluakulu ndi imvi zawo ankakankhana pamzere ndi makheni ngati ana a sukulu. Nyemba zinafota, letesi anapserera.

Dimba limodzi lokha ndilo linali biriwiri. Linali la a Gerlof Wiersma.

A Gerlof kale ankayendetsa basi, koma msana utawavuta anawapumitsa ntchito. Kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unali m'dimba. Anali munthu wa manja abwino ndi mtima wabwino. Geti likathyoka, wilibala ikaguluka tayala, tinkathamangira kwa iwo, ndipo sankalandira kanthu. Ankalera okha ana awiri, Renske, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndi mlongo wake Siebe wa zaka zisanu.

2. M'kanyumba ka zida

Linali Lachisanu masana, kumapeto kwa Ogasiti. Mawa lake kunali phwando la zokolola. Mwambo wake ndi woti aliyense amabweretsa ndiwo za m'dimba mwake, timaphika supu mumphika umodzi waukulu, ndipo oyamba kulandira amakhala ana. Chaka chimenechi phwandolo linali ndi mlendo. Mayi wina wa ku boma ankabwera kudzasaina chikalata choti ntchito yokonza ndi kuyang'anira phirilo yatha, malowo atsekedwa bwino.

A Gerlof anauza Renske kuti awadikire padimba, adzamupatse mabokosi onyamulira ndiwo. Iwo anachedwa kwa aneba, akukonza mwendo wa tebulo. Renske atatopa ndi dzuwa anakweza mphika wa maluwa wa pakhomo pa kanyumba ka zida n'kutenga kiyi. Chilimwe chonsecho bambo ake sankalola munthu kulowamo, koma iye sanaganizirepo kanthu.

Atatsegula anangoti kakasi. Matabwa awiri a pansi anali atazulidwa. Pamalopo panatuluka payipi yachitsulo, pamwamba pake kamjigo kopopa ndi dzanja. Pakona panali ndowa yodzaza dongo lotuwa lomata, ndipo m'dongomo munali tizidutswa ta nsalu yofiira.

Anagwira chogwirira n'kupopa katatu. Madzi anatuluka oyera mbee, ozizira bwino. Koma anabwera ndi kafungo, ngati kamene kamatuluka ukangotsegula chitini cha penti.

"Wakuuza ndani kuti utsegule muno?"

Anali bambo ake, ataima pakhomo.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Sukuona? Ndi mjigo. Tseka chitsekocho, anthu akudutsa."

"Mwaboola nsalu."

"Nsalu, nsalu! Kansanza kameneko ndiko kandiphere mbewu?" Anatseka okha chitseko n'kutsitsa mawu. "Tamvera, mwana wanga. Agogo ako anakumba chitsime kuseri kwa nyumba tsiku limodzi, ndi payipi ndi manja awo. Bambo awo chimodzimodzi. Dziko lino madzi ali pansi pa phazi, aliyense wobadwira kuno amadziwa. Ndiye ine ndizikaima pamzere ndi kheni ngati wopemphetsa, madzi ndikuwaponda?"

"Koma pansipa pali migolo."

"Migolo ili pakati pa phiri, kuno n'kumbali. Ndinapyoza mpaka pa mchenga woyera. Amenewa ndi madzi a pansi penipeni."

"Nanga fungoli?"

"Guluu wolumikizira payipi ameneyo. Ndamwako ine kangapo konse. Taona, ndafa?"

Renske ankangoyang'ana ndowa ija.

A Gerlof anamugwira paphewa. "Mawa mayi wa bomayo akasaina, nkhani yatha. Akuti kuchokera pamenepo azidzabwera kamodzi pa zaka zisanu. Mvula ikagwa ndizula payipi, dzenje nditseka ndi simenti, palibe adzadziwe. Koma iwe ukatsegula pakamwa, sindivutika ndekha. Mabanja makumi anayi ataya madimba, ndipo ine andilozera chala mpaka kumanda. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Ndiwe mwana wanga, sindiwe mwana wa boma. Tenga mabokosiwo."

Renske anamangirira mabokosi pa njinga n'kuyamba kuikankha kulowera kugeti.

3. A Lubbert

Dimba loyamba pafupi ndi geti ndi la a Lubbert, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, yopuma molira ngati ketulo. Pansi sabzalapo kanthu. Ali ndi maluwa okha, nawonso a m'zitini zosanjika pa matabwa. Ana amawaopa chifukwa ndi aukali, ndipo kunena zoona ifenso akuluakulu tinkawalambalala.

"Iwe mwana wa Gerlof, taima!"

Renske anaima.

"Tandionetsa nsapatoyo." Anawerama movutikira n'kupala dongo la kuchidendene ndi chala. "Dongo ili pamwamba pano palibe. Linabwera pa malole kuchokera kumtsinje, ndipo lonse lili pansi pa nsalu. Khala apa. Sindiluma, mano ndilibe."

Renske anakhala pa benchi, maso ali pansi.

"Migolo ili pansipa ndinaibweretsa ndine," anayamba choncho a Lubbert. "Zaka zisanu ndi zinayi, ulendo umodzi m'mawa, wina masana. Sitinkachita kubisala ayi. Dzuwa likuswa mtengo, apolisi tikuwaimikira dzanja. Tikafika tinkangopendeketsa lole, migolo n'kumagubuduka. Ina inkang'ambika. Zotulukamo zinali zokongola, mwana iwe, zobiriwira, zachikasu, zonyezimira. Tinkaseka.

"Mnzanga Sjoerd ankatsitsa ndi manja. Ankati magolovesi ndi a anthu amantha. Chaka chachitatu khungu la m'manja linayamba kusupuka ngati la mbatata yophika. Chaka chachisanu anayamba kukha magazi m'mphuno osaleka. Tinamuika m'manda ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Adokotala anati ndi matenda a magazi, amangobwera okha. Ife tinavomereza, chifukwa Lolemba kunali ntchito.

"Kenako dzenjelo analikwirira ndi mchenga n'kumangapo nyumba makumi awiri. Nyumba zabwino, za mawindo akuluakulu. Anthu atalowamo ankati m'nyumba mukumveka penti, akutsegula mawindo, moyo ukupita. Ndiye ana anayamba kudwala, mmodzimmodzi. Pamene boma linkabwera ndi anthu ake ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, tinali titaika kale ana atatu. Nyumba zonse anagwetsa, ngakhale njerwa imodzi sanalole munthu kutenga."

Anatsokomola nthawi yaitali. Renske anafuna kuimirira, koma anamuletsa ndi dzanja.

"Bambo ako akuuza kuti migolo ili pakati pa phiri, eti? Onse amatero. Woyendetsa ndinali ine. Mvula ikagwa lole inkatitimira m'matope, ndiye tinkangotayira m'mbali momwemu, pafupi ndi msewu. Pamene pali nyemba za bambo akopo ndi pomwe ndinkatembenuzira lole.

"Anthu amayesa kuti malamulo a pachikwangwanicho analemba munthu wa mu ofesi amene anasowa chochita. Ayi. Lamulo lililonse pamenepo lili ndi maliro ake. Poizoni ali pansipa sawola, sakalamba, satha mphamvu. Boma silinamuphe, linangomutsekera. Ukaboola chivundikiro, iye amakwera m'payipi yako kubwera kwa iwe, ndipo mvula imatsikira pabowo lomwelo n'kumukokolorera kungalande kumene ng'ombe zimamwa. Choopsa chake n'chakuti sapha lero. Akanakhala wopha lero bwenzi aliyense akumuopa. Iyeyu amakuleka udye, ukhute, uyamike wophika. Amadzakupeza patapita zaka khumi, utaiwala, uli ndi ana ako."

"Nanga bwanji osakanena inuyo, agogo?" anafunsa Renske.

"Ndanena kawiri kwa wapampando wa bungwe la madimba ano. Akuti Lubbert wakalamba, akuchitira nsanje kabichi wa mnzake. Ndipo akunena zoona kuti sindinaone ndi maso. Munthu amene anakhala chete zaka makumi anayi, akadzayamba kulankhula amamumvera ndani? Waona ndiwe."

"Ndi bambo anga."

"Ndikudziwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma Sjoerd nayenso anali bambo a wina wake." Anatenga kheni yawo n'kumupatsa msana. "Ine supu ya mawa sindimwa, sindinamwepo chiyambire. Koma oyamba kulandira ndi ana. Pita, wandichedwetsa."

4. Funso la lamulo

Loweruka kunacha kotentha. Pofika masana matebulo anali atandandalikidwa pakati pa madimba, timbendera tikulendewera, mphika waukulu ukubwata. Wapampando wa bungwe lathu, Mayi Hiltje, ankatakasa ndi mthiko wautali ngati nkhafi, thukuta lili kamukamu.

Popeza ambirife tinakolola zochititsa manyazi, ndiwo zochuluka mumphikamo zinali za a Gerlof. Karoti, kabichi, anyezi, nyemba, zonse zonenepa. Ndiulule pano kuti ine ndemwe ndinanyamula kabichi wawo m'mwamba kuti anthu aombe m'manja. Chilimwe chonse tinkadutsa pa dimba lobiriwira pakati pa madimba opserera, ndipo palibe anafunsa funso lenileni. Tinkafuna supu.

"A Gerlof, tatiuzani chinsinsi!" anakuwa wina. "Mumaziimbira nyimbo mbewuzi?"

"Kapena mumazithirira mowa?"

"Manja, aneba, manja!" anayankha a Gerlof akuseka. Koma diso lawo linali pa Renske.

Mayi Hiltje anaitana mtsikanayo. "Iwe, ndiwo n'za kwanu, ndiye ulemu wogawa ndi wako. Gwira chipande ichi. Ana inu, pamzere! Osakankhana, supu ilipo yambiri."

Ana anandanda ndi mbale zawo. Patsogolo penipeni panali Siebe, atagwira mbale ndi manja awiri.

Nthawi yomweyo mlendo uja anafika pa njinga, kumbuyo atamangirira bokosi la zipangizo. Dzina lake anali Mayi Veldman, munthu wamfupi, wosachulutsa mawu. Anaima pafupi ndi mphika n'kutulutsa chikalata.

"Sindikuchedwetsani," anatero. "Mwezi wa Epulo tinayeza madzi m'mapayipi athu anayi a m'makona a phiri lino, ndipo tinapeza kuti zonse zili bwino. Ndikasaina apa, ndiye kuti boma lavomereza kuti malo ano atsekedwa moyenera, ndipo tizidzayeza kamodzi pa zaka zisanu. Koma ndisanasaine, lamulo likuti ndifunse pamaso pa anthu ogwiritsa ntchito malowa. Kodi alipo amene akudziwa pamene chivundikiro chinakumbidwa, kuboledwa kapena kung'ambika?"

Anthu anaseka.

"Ngati ukwati bwanji!" anatero wina. "Amene ali ndi chifukwa anene!"

"Sainani mayi, supu ikuzizira!"

Mayi Veldman sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku, cholembera chili m'manja. "Ndifunsanso kachiwiri. Alipo?"

Renske anali atatunga kale. Chipande chinali m'mwamba, chikutuluka nthunzi, ndipo mbale ya Siebe inali pansi pake.

"Tathira, Renske!" anadandaula mwanayo. "Njala!"

Renske sanathire. Anayang'ana bambo ake. Iwo anapukusa mutu pang'ono chabe, mwakuti wina aliyense sakanaona.

Mtsikanayo anabwezera supu mumphika. Anatenga chivundikiro n'kuvundikira.

"Alipo," anatero.

Mawuwo anatuluka otsika, koma Mayi Veldman anawamva. "Ndani walankhula?"

"Ndine. M'kanyumba ka bambo anga muli chitsime. Chinapyoza nsalu yofiira. Ndiwo zambiri zili mumphikamu zathiriridwa madzi ake chilimwe chonse."

Pamalo ponse pankamveka kubwata kwa mphika kokha.

"Renske," anatero a Gerlof. Sanakalipe. Anangotchula dzinalo basi, ndipo ine ndinamva chisoni kuposa mmene ndikanamvera akanakuwa.

5. Kachipangizo kanalira

Mayi Veldman anabwezera cholembera m'thumba.

"Wina aliyense asalawe supu imeneyi. Zimitsani moto. Ana achoke pano."

Mayi Hiltje, nkhope itagwa, anaomba m'manja. "Ana nonse, kabwalo ka masewero! Thamangani, tikuitanani." Kabwaloko kali kumunsi kwa phiri lomweli, kuseri kwa mpanda wa zitsamba. Ana anatula mbale monyinyirika n'kutsetsereka, Siebe ali pakati pawo.

Ife akuluakulu tinatsatira mlendoyo mpaka pa dimba la a Gerlof. Mwini wake anatsegula yekha chitseko. Mayi Veldman anavala magolovesi ndi chophimba kumphuno, analowa, anapopera madzi m'botolo n'kutuluka nalo panja. Kenako anatenga kachipangizo konga foni yaikulu n'kukayandikiza pakamwa pa botololo.

Kanayamba kulira. Poyamba pang'onopang'ono, kenako mofulumira, mpaka kulirako kunangokhala kumodzi kosadukiza.

"Bwererani m'mbuyo nonse," anatero, mawu atasintha. Anatseka botolo, anazunguliza chingwe chofiira kuzungulira dimbalo, n'kupita pambali kukaimba foni. Tinamumva akuti, "Ayi, lero lomwe. Malo onse."

Pamenepo anthu anazindikira kuti madimba apita. Ndipo monga mwa chikhalidwe chathu choipa, mkwiyo sunagwere wokumba. Unagwera wonena.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuthira manyowa m'dothi limeneli," anatero bambo wina. "Lero kamwana kangotsegula pakamwa, zonse phwaa!"

"Sakanatha kukambirana ndi bambo ake kunyumba? Kuyalutsa kholo pagulu chonchi?"

"Ana a masiku ano."

Renske anaima yekha pafupi ndi chingwe, misozi ikutsika, osaipukuta. Palibe anamuyandikira. Inenso sindinamuyandikire, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

"Mukanamwa supuyo ndiye, anthu opusa inu!" anakuwa a Lubbert ali kumbuyo. "Mphika uli apo, mbale zili apo. Akukuletsani ndani?" Palibe anasuntha kupita kumphika.

Mayi Veldman atamaliza foni, a Gerlof anamuyandikira atavula chipewa.

"Mayi, pepani. Kachipangizoko kakulira chifukwa cha guluu wa payipi, eti? Ndinagwiritsa ntchito guluu wambiri."

"Bambo, guluu sakaliza chonchi. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri, ndipo kulira kumeneku ndakumva katatu kokha."

"Koma ine ndamwako. Ndili bwinobwino."

"Ndiye mukufunika kuchipatala lero, akakuyezeni magazi. Inu ndi wina aliyense amene wamwa madzi amenewa kapena kusamba."

"Kusamba komwe?"

"Amalowera pakhungu pomwe. Kwa munthu wamkulu n'zoopsa. Kwa mwana wamng'ono n'zoposa pamenepo." Anatulutsa kabuku. "Tsopano mundiuze zoona. Chitsime n'chimodzi chokhachi?"

A Gerlof nkhope yawo inatuwa ngati dongo lija. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pa bokosi, chipewa chitagwera pansi.

Renske anapita n'kugwada pambali pawo. "Bambo, pepani. Sindikanatha kumuthirira Siebe."

Iwo sankamva zimenezo. Anamugwira mkono mwamphamvu mpaka anabuula.

"Ana awatumiza kuti?"

"Kukabwalo ka masewero. Bwanji?"

"Mjigo wa ana uja," anatero, mawu akutuluka modukaduka. "Uja amapopa n'kumasewera ndi madzi pamchenga. Unkachokera kumpope wa khonsolo. Chilala chitayamba anautseka. Ana ankapopa, osatuluka kanthu. Siebe anabwera kunyumba akulira. Ndiye m'mawa wina ndinapita ndi payipi zanga. Anthu anangoyesa kuti khonsolo yautsegulanso."

"Bambo, mukuti chiyani?"

"Chitsime cha m'kanyumbachi n'chachiwiri, mwana wanga. Choyamba ndinakumbira ana. Mu Juni."

Tonse tinamva. Ndipo popeza panalibe wolankhula, tinamvanso china chochokera kumunsi kwa phiri, kuseri kwa mpanda. Chitsulo chinkalira kwii, kwii, kwii, ana akuseka.

Woyamba kuthamanga anali Renske. Anadumpha chingwe, anadutsa pakati pa matebulo, nsapato imodzi inavuka pageti koma sanaime. Ankakuwa dzina la mlongo wake njira yonse.

Atakhota pampanda anamuona. Siebe anali atavula malaya, atagwada pansi pa mjigo, nkhope ili m'mwamba, kukamwa kuli yasa, mnzake akumupopera.